Udzu Wachibadwidwe Subwerera Msanga: Phunziro Lochokera ku Frankenwald, Pafupi ndi Marlboro

Kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg, pamene msewu waukulu wa N3 ukumana ndi msewu wa Marlboro Drive, kuli dera lotchedwa Marlboro. Amalawi amene anapita ku Joni kukafuna ntchito amalidziwa derali, popeza layandikana ndi Alexandra ndiponso lili ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti thengo limene lili kumpoto kwa siteshoniyo, m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei, ndi amodzi mwa malo amene anaphunzitsa akatswiri a zaulimi a kuno kumwera kwa Africa za khalidwe la udzu. Dzina la malowa ndi Frankenwald.

Phunziro lino lalembedwera alangizi, eni maesiteti ndi alimi amene ali ndi malo awoawo, ndipo akufuna kuti pa malowo pabwerere nyama ndi mbalame zakutchire. Ambiri a iwo amaganiza kuti ntchitoyi imayamba ndi kubzala mitengo kapena kugula agwape. Zimene zinapezeka ku Frankenwald zikusonyeza kuti imayamba ndi kufufuza ngati pa malopo patsala kachigawo kamene khasu silinalowepo, chifukwa kachigawo koteroko kakawonongeka, palibe ndalama kapena luso limene lingakabwezeretse m'moyo wa munthu mmodzi.

Mbiri ya malowa

Mpondamatiki wa migodi, Alfred Beit, anapereka Frankenwald m'chaka cha 1905 kuti malowa agwiritsidwe ntchito ya maphunziro, ndipo pambuyo pake anakhala m'manja mwa sukulu ya ukachenjede ya Witwatersrand. M'zaka za m'ma 1930 Pulofesa John Phillips, mkulu wa maphunziro a zomera pa sukuluyo, anayambitsapo kafukufuku wa msipu. Amene anapitiriza ntchitoyi kufikira itamveka kutali anali Edward Roux, katswiri wa zomera amenenso anali wolimbana ndi tsankho. Boma la nthawi imeneyo linamuletsa kuphunzitsa m'chaka cha 1964, ndipo anamwalira mu 1966. Buku lake lofotokoza za kafukufukuyu, Grass: A Story of Frankenwald, linasindikizidwa mu 1969 iye atamwalira kale.

Nthaka ya kumeneko ndi yamchenga, yochokera ku thanthwe lakalekale la zaka zoposa 3 biliyoni, ndipo chonde chake ndi chochepa. Mvula imagwa m'miyezi yotentha monga kuno, koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choopsa chimene chimapha timitengo tating'ono. Chisanu chimenechi pamodzi ndi moto ndi zimene zinachititsa kuti dzikolo likhale la udzu, osati la nkhalango. Mitengo yambirimbiri imene mlendo amaona lero mu Johannesburg ndi yochita kubzala.

Pa malo amene sanalimidwepo, ofufuza anapeza mitundu yambiri ya udzu itamera mosakanikirana, monga Trachypogon spicatus, Tristachya, Elionurus ndi Themeda triandra. Chifukwa cha maonekedwe ake ofiirira modera, udzu umenewu ankautcha purple veld. Pakati pa zitsinde za udzuwo panali zomera zina zamaluwa zochuluka kuposa mitundu ya udzu weniweniwo. Zambiri mwa zomerazi zili ndi mizu yonenepa ngati ya chinangwa, kapena zitsa zobisika pansi zimene zimakhala zaka makumimakumi. Moto ukadutsa zimaphuka ngakhale mvula isanagwe, popeza chakudya ndi madzi zinasunga kale m'nthaka.

Zimene zimachitika tsala likagonera

Funso loyamba limene ofufuza anadzifunsa linali lakuti: munda ukasiyidwa osalimidwa, kodi udzu woyamba uja umabwerera patapita nthawi yotani? Iwo analondola matsala a misinkhu yosiyanasiyana chaka ndi chaka. Poyamba pamamera zomera za chaka chimodzi zonga chisoso. Kenaka pamalowa kapinga ndi udzu wa mtundu wa Eragrostis, ndipo umenewu umalamulira kwa zaka zingapo. Pambuyo pake pamabwera udzu wautali wofolera nyumba wotchedwa Hyparrhenia hirta, m'bale wake wa tsekera wa kuno. Ukafika udzu umenewu, kusintha kumaima. Zaka zimapita, tsala limakhalabe la udzu wofolera wokhawokha, ndipo purple veld ndi maluwa ake sizionekanso.

Munthu wodutsa pa msewu sangathe kusiyanitsa. Iye amaona udzu wautali, wobiriwira, wowirira bwino, n'kunena kuti thengo lachira. Koma amene wagwada n'kuwerenga mitundu ya zomera pa malo aang'ono amapeza kuti tsala lija ndi losauka kwambiri poliyerekeza ndi malo osalimidwa amene ali pafupi pomwepo.

Zifukwa zake si zovuta kuzimvetsa. Pulawo imadula ndi kutembenuza mizu ndi zitsa zija, ndipo dzuwa limaziumitsa. Zomera zamtunduwu zimadalira kuphukira pa chitsa chakale. Njere zimabala zochepa, njerezo sizikhalitsa m'nthaka, ndiponso siziuluka kupita kutali. Chitsa chikafa, palibe chotsala choti mbewuyo iyambirenso. Pamenepa mawu a akuluakulu akuti madzi akatayika saoleka amakwanira bwino.

Kafukufuku wa masiku ano watsimikiza zomwezi m'maiko ena. Ku KwaZulu-Natal, Nicholas Zaloumis ndi William Bond anayeza malo a udzu amene kale anabzalidwa paini kenaka painiyo n'kuchotsedwa, ndipo anapeza kuti udzu unabwerera koma zomera za mizu yonenepa zija sizinabwerere. M'chaka cha 2020 Ashish Nerlekar ndi Joseph Veldman anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 31 wa m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi. Anapeza kuti malo a udzu amene anawonongedwapo amakhala ndi mitundu ya zomera yochepera ndi 37 pa 100 iliyonse, ndipo kuti chiwerengero chibwerere mwakale pamafunika zaka zosachepera 100, kawirikawiri zoposa 1,000.

Feteleza pa msipu wachibadwidwe

Chinthu chachiwiri chimene chinapezeka ku Frankenwald chimadabwitsa munthu aliyense amene anaphunzira za mbewu, pakuti chimatsutsana ndi zimene amaphunzitsa alimi tsiku ndi tsiku. Ofufuza anathira feteleza wa nayitirojeni pa purple veld pofuna kuti msipu uchuluke. Udzu unachulukadi, koma m'zaka zowerengeka mitundu yachibadwidwe ija inayamba kutha, ndipo m'malo mwake munalowa kapinga ndi Eragrostis curvula, udzu womwe uja wa pa tsala. Feteleza anachita zimene pulawo imachita, ngakhale nthaka inali isanakhudzidwe ndi chitsulo.

Roux anayesa zimenezi m'miphika, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anasonyeza kuti Trachypogon sapirira nayitirojeni wambiri pamene Eragrostis curvula amakondwa naye. Udzu wachibadwidwe unazolowera nthaka yosauka. Umakula pang'onopang'ono, umasunga chakudya m'mizu, ndipo sutaya kanthu. Chonde chikachuluka mwadzidzidzi, udzu wokula msanga umauphimba n'kuulanda dzuwa. Feteleza wa salufeti akathiridwa zaka zambiri amawonjezanso asidi m'nthaka. Nkhaniyi si ya ku Africa kokha ayi. Ku Rothamsted, m'dziko la England, kuli munda wa udzu woyeserapo feteleza wotchedwa Park Grass umene unayamba mu 1856, ndipo kumenekonso zigawo zolandira nayitirojeni wambiri ndi zimene zili ndi mitundu yochepa ya zomera.

Izi sizikutanthauza kuti feteleza ndi woipa. M'munda wa chimanga ndi wofunika, ndipo mlimi wofuna msipu wochuluka wa ng'ombe zamkaka angathe kubzala nsenjere kapena udzu wa Rhodes pa tsala lake n'kuthirapo manyowa mmene angafunire. Cholakwa ndi kutenga malamulo a m'munda n'kupita nawo kuthengo. Ngakhale madzi a mvula ochokera m'munda wothiridwa feteleza, kapena ndowe zochokera m'khola lomangidwa kumtunda, zingathe kusintha udzu wa m'munsi mwake popanda mwini malo kuzindikira.

Nyama zimene zimadalira udzuwu

Akatswiri a masiku ano amatcha udzu wa dera lonse la pakati pa Johannesburg ndi Pretoria lokhala pa thanthwe lija Egoli Granite Grassland. Sumapezeka kwina kulikonse kunja kwa chigawo cha Gauteng. Pofika 2006 magawo oposa awiri mwa atatu anali atasanduka nyumba, misewu ndi minda, ndipo wotetezedwa ndi boma unali wochepa zedi. Wambiri mwa wotsalawo uli pa malo a anthu ndi makampani. Chotero tsogolo la nyama za mu udzuwu lili m'manja mwa eni malo, osati mwa alonda a nkhalango za boma.

Nyama zake si zikuluzikulu zokopa alendo. Imodzi ndi chule wamkulu, Pyxicephalus adspersus, amene wamwamuna wake angathe kulemera kupitirira kilogalamu imodzi. Chuleyu amakhala miyezi yambiri atadzikwirira m'nthaka, ndipo amatuluka mvula yamphamvu ikagwa kukaswana m'zithaphwi zosaya zimene zimauma nyengo ya mvula ikatha. Wamwamuna amalondera ana ake, ndipo madzi akayamba kuphwa amakumba ngalande kuti anawo asamukire pa madzi akuya. Kafukufuku wa ku Diepsloot, kumpoto kwa Johannesburg, anasonyeza kuti achulewa amakadzikwirira mamita mazana angapo kuchokera pa chithaphwi. Mwini malo amene wasunga chithaphwi chokha, n'kulima kapena kumanga mpanda wa njerwa mozungulira, wasunga madzi koma wapha achule. Winanso amalakwa pofuna kuchita zabwino: amakumba chithaphwicho kuti chikhale damu losaphwa, n'kuikamo nsomba, ndipo nsombazo zimadya mazira ndi ana a achule.

Ina ndi kadzidzi wa mu udzu, Tyto capensis. Ameneyu samanga chisa mu mtengo kapena padenga. Amaikira mazira pansi, m'kati mwa udzu wowirira wa m'dambo, ndipo udzu umodzi umene amaukonda ndi nansongole, yemwe uja alimi amadana naye m'minda. Amaswa kumapeto kwa dzinja, ndipo ana amakhala asanayambe kuuluka pamene udzu ukuyamba kuuma. Moto woyatsidwa msanga m'dambo umawapsereza ali m'chisa, ndipo ng'ombe zikadya dambolo mpaka kulipalapata, chaka chimenecho kadzidzi saswa. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa. Zoti kadzidzi ndi mbalame ya malodza zimakhulupiriridwa ku Joni monga mmene zilili kuno. M'zaka za m'ma 2010, pamene mabokosi a akadzidzi a mtundu wina anaikidwa m'sukulu za ku Alexandra pofuna kuchepetsa makoswe, ntchito yaikulu inali yolankhula ndi makolo, osati yokhoma mabokosi. Mlangizi wa kuno asayembekezere kuti kwa iye zidzakhala zopepuka.

Eni malo amene anayesapo

Kum'mawa kwa Marlboro, kuseri kwa Linbro Park, kuli Modderfontein, kumene fakitale ya zophulitsira miyala m'migodi inatsegulidwa mu 1896. Chifukwa cha kuopsa kwa ntchitoyo, malo aakulu ozungulira fakitale anasiyidwa opanda nyumba, ndipo nyama zinapeza pobisala. Lero mahekitala pafupifupi 275 a malowa ndi Modderfontein Reserve, imene si ya boma. Muli agwape, mphoyo, ankhandwe, akatumbu ndi mbalame zamitundumitundu. Komabe mbali ina ya malowa inabzalidwa bulugamu ndi mitengo ina yachilendo kalekale, ndipo pansi pa mitengo yotere udzu wachibadwidwe sukhalapo.

Chitsanzo chothandiza kwambiri kwa alimi chili kumunsi kwa mtsinje womwewo wa Jukskei, cha kumene umathira mu mtsinje wa Crocodile. Kumeneko eni minda ing'onoing'ono ndi mafamu anagwirizana, ndipo m'chaka cha 2019 malo awo analembedwa mwalamulo kukhala Crocodile River Reserve. Lamulo la South Africa la malo otetezedwa la 2003 limalola kuti malo a munthu alembedwe chotero mwini wake osalandidwa. Iye amakhalabe pomwepo, koma pangano limalembedwa pa chikalata cha umwini, kotero kuti wodzagula malowo mtsogolo adzalitsatiranso. Kuyambira mu 2015 lamulo la msonkho linawonjezera chokopa: amene wapereka malo ake kwa zaka zosachepera 99 angathe kuchotsera pa ndalama zokhomera msonkho 4 pa 100 iliyonse ya mtengo wa malowo chaka chilichonse kwa zaka 25. Chokopachi chimapindulira amene ali kale ndi chuma chokhomera msonkho. Mlimi wamng'ono sichimufika. Chimene angatengepo iye ndi nzeru ya kugwirizana, pakuti chule kapena gwape sadziwa malire a munda, ndipo mahekitala asanu a munthu mmodzi sangasunge chimene mahekitala a anthu makumi awiri oyandikana angasunge.

Mdani amene eni malo a ku Gauteng akulimbana naye kwambiri ndi duwa lofiirira lochokera ku South America lotchedwa pompom, Campuloclinium macrocephalum, limene linabwera ngati lokongoletsa pakhomo. Limalowerera ngakhale mu udzu wosalimidwa, njere zake zimauluka ndi mphepo, ndipo kulizula ndi khasu kumangolichulukitsa chifukwa zidutswa za chitsa chake zimaphukanso. Mu 2013 kunatulutsidwa kachilombo kolidya kochokera ku Argentina, koma ntchitoyo ikupitirirabe.

Nanga Frankenwald mwini? Kafukufuku wa udzu anatha kalekale kumeneko, ndipo pali mapulani omangapo nyumba zikwizikwi ndi malo a malonda. Anthu a ku Alexandra ndi opanikizika pogona, ndipo palibe angawadzudzule pofuna malo. Dzina limene laperekedwa ku mzinda watsopanowo ndi Bankenveld, dzina lomwe John Acocks anatchula udzu wa chigawochi m'buku lake la mitundu ya msipu la 1953.

Tanthauzo lake kwa alimi a kuno

Pano pafunika kusamala, chifukwa dziko la Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi zigawo za Tete ndi Niassa si zofanana ndi Gauteng. Malo ambiri a kuno chibadwidwe chake ndi nkhalango ya miombo. Pa malo otero, kubwezeretsa chilengedwe ndi kuleka kuzula zitsa, kuteteza mphukira ku mbuzi ndi moto wa mu Okutobala, ndi kupatulira kuti pa chitsa patsale nthambi ziwiri kapena zitatu. Koma mfundo ndi yomweyo: chimene chimabweza thengo ndi chamoyo chotsala pansi pa nthaka. Esiteti ya fodya imene inazula zitsa ndi thirakitala ilibe poyambira, pamene munda umene unangodulidwa ndi nkhwangwa umaphukanso wokha.

Palinso malo a kuno amene chibadwidwe chake ndi udzu: madambo a m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu, ndi mapiri a Nyika, Viphya, Dedza, Zomba ndi Mulanje. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka, ndiponso ndi kumene namzeze wosowa wotchedwa Hirundo atrocaerulea amaswa mochuluka. Ku South Africa mbalameyi inatsala pang'ono kutha chifukwa malo ake a udzu anabzalidwa paini ndi bulugamu. Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo lonjezoli ndi labwino. Choopsa ndi chakuti wowerenga mbande zobzalidwa amaona dambo kapena phiri la udzu ngati malo opanda kanthu. Bulugamu wobzalidwa m'dambo amamwa madzi amene akanatsikira ku madimba ndi ku zitsime m'chilimwe, ndipo pa lipoti amalembedwa ngati chitukuko.

Mwini malo ayambe ndi kuyendera malo ake pamodzi ndi akuluakulu a m'mudzi amene akukumbukira pamene panaswedwa mphanje ndi pamene sipanalimidwepo. Maso angathandizenso. M'mamawa kapena madzulo dzuwa litapendeka, mizere yakale imaoneka ngakhale pansi pa udzu wa zaka zambiri. Tsekera wokhayokha wofanana msinkhu, kapinga ndi chisoso zimasonyeza tsala. Nthawi yabwino yoyendera ndi milungu ingapo moto utadutsa, mvula isanayambe, pakuti pa lupsa la malo osalimidwa pamatuluka maluwa amitundumitundu pamene pa tsala pamangokhala phulusa ndi timasamba ta udzu. Malo otero amapezeka kawirikawiri pa miyala, m'mphepete mwa dambo, m'malire a minda ndi pafupi ndi manda. Akapezeka, aikidwe zizindikiro, ndipo woyendetsa thirakitala auzidwe. Pakati pa malowo ndi munda pasiyidwe mpata wa udzu, kapena mzere wa vetiva kumbali ya munda, kuti ugwire dothi ndi feteleza wokokoloka.

Kutchinga moto ndi ziweto kotheratu si kuteteza. Udzu wachibadwidwe ukakhala zaka zambiri osapsa kapena kudyedwa, zinyalala zake zimaunjikana, zitsinde zimafa ndi mthunzi wake womwe, ndipo zitsamba zonga lantana zimalowerera. Chofunika ndi kugawa malowo m'zigawo n'kumatentha mosinthanasinthana, kuti chaka chilichonse patsale chigawo cha udzu wautali chobisalamo nkhwali, zinziri ndi akanungu. Pakati pa dambo, pamene pali udzu wowirira, pasatenthedwe mpaka ana a mbalame atauluka. Ng'ombe zidye n'kuchoka, zisagonerepo.

Tsala nalo lili ndi ntchito yake, bola mwini wake asayembekezere zosatheka. Tsekera amagulitsidwa kwa ofolera nyumba, amagwira nthaka, ndipo amalumikiza tizigawo tachibadwidwe totalikirana kuti nyama ziziyenda mobisika. Wofuna kulilemeretsa angathe kumweta udzu wa pa malo osalimidwa njere zitakhwima, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kukauyala pa tsala pamene papalidwa pang'ono. Asamwete chigawo chimodzimodzi zaka ziwiri zotsatizana, ndipo asathirepo feteleza kapena manyowa. Mitundu ina ya udzu idzamera. Zomera za mizu yonenepa zambiri sizidzamera mwa njira imeneyi, ndipo kuzikumba kuthengo kuti zikabzalidwe pa tsala ndi kuwononga malo abwino pofuna kukonza oipa. Kukumba kotere kuloledwe pokhapokha pamene malo osalimidwa aweruzidwa kale kuti padutsa msewu kapena pamangidwa nyumba. Zikatero, zomerazo zichotsedwe ndi dothi lake lomwe, m'zidutswa zikuluzikulu zozama, ndipo zisamutsidwe tsiku lomwelo kumayambiriro kwa mvula.